Mizere Iwiri ya Penti pa Chitseko cha Apongozi

Penti ankasungitsa ine. Chinali chitini chaching'ono cha penti yachikasu, ndi bulashi imodzi yothothoka, ndipo ndinkaziika pamwamba pa khoma la kuchipinda kuti ana asazifikire. Anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chifukwa sukulu ndinalekezera Fomu 2 ndipo zolemba zanga zimawerengeka. Mudziwo uli m'dera la Katunga, pamtunda pang'ono moyang'ana madambo a Shire. Si kwathu kobadwira. Kwathu ndi ku Chapananga, kuno ndinabwera ngati mtengwa, kutsatira bambo a ana anga amene amagwira ntchito yothirira nzimbe ku esiteti ndipo amabwera kunyumba Lamlungu lokha.

Komiti yathu inali ya dzina chabe mpaka chaka chimene namondwe anatisasulira madenga. Madzi sanafike m'nyumba zathu chaka chimenecho, anathera m'madimba, koma mphepo inatisiya pamtetete. Malata ankauluka kudutsa m'mudzi, ndipo lina linacheka ng'ombe pakhosi ili m'khola. Miyala ndi njerwa zimene anthu ankasanjika padenga kuti lisauluke zinagwera m'nyumba momwe eniake anabisala. Zitatha, kunabwera anthu a ku boma kudzatiphunzitsa kamangidwe, ndipo iwo atapita tinakhala pansi pa mitengo ya nimu kutchalitchi masana awiri n'kupangana malamulo athuathu.

Tinagwirizana kuti denga lililonse la malata limangidwe ndi waya wokhuthala, wozengedwa pa mtengo wa denga n'kulowetsedwa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika m'munsi, kuti mphepo ikafuna denga ilimbane ndi khoma lomwe. Miyala ya padenga tinailetsa, ndipo nthambi zolendewera pamwamba pa nyumba tinati zizidulidwa mvula isanayambe. Lamulo limene linavuta linali la mazenera. A ku boma aja anatiuza kuti mphepo ikaswa zenera n'kulowa m'nyumba imakankha denga kuchokera m'kati, choncho zenera lililonse liyenera kukhala ndi chotsekera cha matabwa kunja kwake. Anthu anadandaula kuti kuno kuchigwa kumatentha, nyumba yotsekeratu ndi uvuni. Titakangana mokwanira, tinalola kuti amene safuna zitseko za mahinjesi angodulitsa matabwa a muyeso wa zenera, awasunge m'nyumba, adzakhomere tsiku la chenjezo.

Nyumba imene yakwaniritsa zonsezi tinkaipaka mizere iwiri yachikasu pamwamba pa chitseko. Mizereyo sinali yokongoletsa. Sukulu imene timathawirako ili kutsidya kwa khwawa lomwe limadzaza msanga, ndipo pa namondwe woyamba uja anthu ena anatsakamira panjira. Ndiye tinapangana kuti mphepo ikatipeza m'mudzi, a m'nyumba za zidina ndi zaudzu azithawira m'nyumba ya mizere yomwe ili pafupi nawo, ndipo mwininyumba asakane munthu.

Tinkayendera nyumbazo awiri, ine ndi apampando, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Iwo ankayang'ana, ine ndinkapaka. Sankanyengerera munthu. Nyumba ya mng'ono wawo anaibweza kawiri chifukwa waya anali wopyapyala, wa mtundu woyanikira zovala. Ntchitoyo ndinkaikonda. Anthu amene kale ankangondidziwa kuti mkazi wa uje anayamba kundiyalira mphasa ndikafika.

Apongozi anga aamuna anali msodzi pa unyamata wawo. Ndi Asena, anakwera kuchokera ku Nsanje ndi mwadiya wawo, bwato losema la mtengo umodzi, n'kudzakhazikika kuno. Nyumba yawo anawamangira ana awo: njerwa zootcha, pulasitala m'kati ndi kunja, khonde lalikulu, ndi mazenera anayi a magalasi, aakulu kuposa a kutchalitchi. Pa namondwe woyamba inangotaya lata limodzi la pakhonde. Apongozi aakazi anali atamwalira, ndipo apongozi aamunawo miyendo inali itatupa, sankayendanso kutali. Tsiku lonse ankakhala pampando pafupi ndi zenera loyang'ana kudambo, kuona amene akupita ku maukonde ndi amene akubwerako.

Tsiku lowayendera ndinagwada pakhomo monga mwa nthawi zonse, chitini chili pambali panga. Apampando anazungulira nyumba, analowa, anayang'ana kudenga. Munalibe siling'i, mitengo yonse inkaoneka. Inangokhazikidwa pamwamba pa khoma n'kutsekeredwa ndi njerwa m'mbali.

"Baba, nyumbayi ndi yabwino," anatero apampando, "koma denga langokhala pamwamba ngati chipewa. Pakufunika waya. Mmisiri aboola khoma malo angapo, basi."

"Aboole pulasitala wanga?"

"Timabowo ting'onoting'ono, adzamatanso. Ndiye palinso za matabwa a mazenerawa."

"Nkhabe," anatero apongozi. Akakana zenizeni ankakanira m'Chisena. "Mphepo ija inabwera, inaiona nyumbayi, inadutsa. Tsopano mukufuna ndikhale mumdima ngati ndili m'bokosi ndisanafe?"

"Matabwawo ndi a tsiku la chenjezo lokha, Baba."

Anatembenukira kuzenera. Tinachoka osapaka. Panjira apampando anandiuza kuti, "Mayi, awa ndi a m'nyumba mwanu. Inu ndi amuna anu muwanyengerere. Akalola, ntchito ikatha, mudzapake nokha, musavutike kundiitana." Ankandikhulupirira, ndipo nthawi imeneyo analibe chifukwa chondikayikira.

Komiti inali itapangana kuti mvula isanagwe padzakhala msonkhano wa mudzi wonse, pamene mlembi adzawerenge mokweza mayina a eni nyumba za malata zopanda mizere. Mayinawo ankacheperachepera, chifukwa palibe ankafuna kutchulidwa pagulu. Pofika sabata ya msonkhano anatsala awiri, la apongozi ndi la munthu wina amene anasamukira ku Blantyre n'kusiya nyumba yake yokhoma.

Lamlungu limenelo bambo a ana anandipeza ndikupeta mapira kuseri kwa nyumba.

"Ndiye mudzaimirira pagulu n'kutchula dzina la bambo anga?"

"Ndilo lamulo. Munalipo pamene tinkapangana."

"Inu ndinu mtengwa m'mudzi muno. Anthu adzati mkazi wa ku Chapananga wabwera kudzachititsa manyazi akuluakulu. Adzanena ine, osati komiti."

"Nanga nditani? Akana okha."

"Akana apampando, ine sangandikane. Ndikatenga tchuthi mwezi wamawa dengalo ndimanga ndekha, matabwa ndidulitsa. Inu ingopakani. Mwangotsogoza penti, ntchito ikubwera pambuyo."

Sanandikalipire, analankhula mofatsa ngati munthu wopempha. Madzulo anabwera ndi mkombero wa waya n'kuuika kuseri kwa chitseko chathu kuti ndione kuti sakunama. Ndinauyang'ana masiku awiri. Tsiku lachitatu masana, anthu ali kumadimba, ndinatenga chitini n'kupita kwa apongozi. Ndinaponda pa njerwa ziwiri n'kupaka, ndipo mzere wam'munsi unayenderera pang'ono chifukwa ndinkafulumira. Apongozi ankandiona kudzera pagalasi. Nditatsika anati, "Takhuta, apongozi," ndiko kuthokoza kwawo. Pamsonkhano ndinawerenga dzina limodzi lokha, la wa ku Blantyre uja, ndipo anthu anaseka.

Tchuthi chija sichinabwere mwezi umenewo. Ku esiteti anati adikire ntchito ichepe. Mvula inayamba, tinadzala mapira ndi thonje, tinapalira. Waya anayamba kuchita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Ndinkakumbutsa, iwo ankati Lamlungu likubwerali, ndipo Lamlungulo likafika kunkakhala maliro, kapena njinga yawonongeka, kapena atopa. Nanenso masiku ena ndinkaiwala. Koma ndikamapititsa chakudya kwa apongozi ndinkalowa pakhomo paja nditayang'ana pansi.

Uthenga unalowa pafoni Lachiwiri m'mawa ndili pamjigo. Mafoni a amayi atatu analira pamodzi. Unkati namondwe wina wachoka kunyanja yaikulu, walowa ku Mozambique, ndipo akhoza kufika m'chigwa m'masiku awiri kapena atatu. Wailesi inanena zomwezo masana. Kumwamba kunali koyera, kopanda ndi kamtambo komwe, koma kutentha kwake kunali kolemera, kotulutsa thukuta munthu utangokhala pamthunzi. Masamba a nimu sankagwedezeka n'komwe.

Ndinaimbira bambo a ana. Anati onse awatsekereza kuntchito kuti atsegule ngalande madzi asanabwere, palibe wololedwa kuchoka.

"Nanga denga la Baba?"

"Pitani kwa mmisiri," anatero.

Mmisiri ndinamupeza ali padenga la tchalitchi, misomali ili kukamwa. Pansi panali anthu angapo akumudikirira, ena matabwa awo anadyedwa ndi chiswe, ena anamanga nyumba zatsopano m'dzinja lomwelo. Nditamuuza za nyumba ya apongozi anachotsa misomali kukamwa n'kundiyang'ana.

"Si ya mizere ija?"

"Pali pena pongofunika kulimbitsa," ndinatero.

Anati ayamba ndi amene alibiretu chitetezo, kwa apongozi adzafika mawa. Ndikanamuuza zoona bwenzi atatsika nthawi yomweyo, koma anthu aja anali chilili pambali panga, akumvetsera. Mawa lakelo sanafike.

Lachitatu asodzi anakokera mabwato kumtunda n'kuwamangirira ku migwalangwa. Chakum'mawa kunayamba kuoneka mitambo yopyapyala, yothamanga m'mwamba pamene pansi panalibe mphepo. Ndinazula chitseko cha khitchini yathu, ndinaphwasula benchi, ndinasenza zonsezo pamodzi ndi waya uja kupita kwa apongozi. Ndinagwada.

"Baba, ndabwera kudzatseka mazenera."

Ndinkayembekezera kuti akana. Anayang'ana kudambo nthawi yaitali.

"Akakowa achoka kuyambira dzulo," anatero. "Tsekani."

Matabwa anakwana mazenera awiri okha, oyang'ana kudambo. Pa awiri enawo ndinangokhomera mphasa, ndikudziwa kuti mphasa siiletsa kanthu. Ndinalibe choboolera khoma. Ndinayesa ndi msomali waukulu ndi mwala, pulasitala anagumuka, koma njerwa yootcha inakana, ndipo msomali unapindika. Pamapeto pake waya uja ndinangomuzenga pa mitengo ya khonde n'kumangirira ku nsanamira, zomwe nazonso zinangozikidwa m'dothi.

Ndisanachoke ndinaima pakhomo ndi mpeni m'manja. Ndinkafuna kupala mizere ija. Panjira pankadutsa anthu, ena atasenza matabwa, ena akukusa mbuzi, ndipo aliyense ankapereka moni. Ndinaganiza za funso limene akanandifunsa, ndi za dzina la amuna anga. Ndinadziuza kuti mwina namondweyo akhotera kwina, monga amachitira ena. Mpeni ndinaubweza m'dengu.

Chakumadzulo apampando anayenda ndi chimkuzamawu kugawa anthu, banja lakuti lipite nyumba yakuti. Kwathu anatipatsa mabanja awiri ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga. Kwa apongozi anatumizako mayi wina wamasiye amene kanyumba kake ka zidina kanali kuseri kwa khola lawo. Mwamuna wake anamira pa usodzi zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo iye ankalera ana atatu ndi geni yogulitsa nsomba zouma za makakana. Tinkaitanana achemwali, tinkabwerekana mtondo ndi sefa.

Ndinapita kwa iye. Ndinamupeza akulongedza nsomba zake m'thumba la pulasitiki.

"Achemwali, bwanji mungobwera kwathu?"

"Kwanu kwadzaza kale, ndamva. Komanso ndi ana atatu ndi katunduyu n'kutali. Apa m'pafupi, ndizitha kuona kanyumba kanga." Anaseka pang'ono. "Nanenso ndikagonemo kamodzi m'nyumba ya magalasi."

Mawu anali pakamwa panga. Chimene ndinanena n'chakuti akakhale kuchipinda chakumadzulo, kutali ndi mazenera aakulu.

Lachinayi kunacha ndi mvula yowaza, yopingasa. Mphepo inkabwera mwa apo ndi apo, kukankha kenako n'kusiya, ndipo ikasiya kunkakhala zii moti mbuzi yolira kumapeto kwa mudzi inkamveka. Ndinakhomera matabwa a mazenera athu, ndinasiya ana anga m'manja mwa mlamu wanga, ndinamuuza kuti ndikukayang'anira apongozi. Zinali zoona, koma panalinso china. Sindikanatha kukhala m'nyumba yomangidwa bwino ndikudziwa amene ndawalowetsa m'nyumba inayo.

Tinalimo asanu ndi mmodzi. Apongozi anakana kuchoka pampando wawo pabalaza, ngakhale zenera lawo linali lotsekedwa ndi chitseko cha khitchini yanga. Mayi uja anayala mphasa kuchipinda chakumadzulo, wamng'ono ali pamiyendo pake, awiri enawo akusewera ndi tinthu ta m'mabotolo. Ine ndinakhala pakhomo pa chipindacho, kuti ndiziona mbali zonse ziwiri. Pofika masana mphepo inaleka kupuma. Phokoso lake linali ngati la malole ambiri otsika phiri limodzi. Ana anasiya kusewera. Kenako denga linayamba kulira. Malata ankafufuma n'kubwerera, misomali ikulira ngati makoswe, ndipo fumbi la njerwa linkagwa kuchokera pamene mitengo inakhazikika pakhoma.

Mayi uja anayang'ana kumwamba. Anayang'ana ngodya imodzi, kenako ina, kenako anatsatira khoma lonse ndi maso. Iye analipo pa msonkhano wa pansi pa nimu, ankadziwa chimene ankafunafuna.

"Achemwali," anandiitana motsitsa mawu kuti ana asamve. "Waya ali pati?"

"Palibe."

"Nanga mizere ija?"

"Ndinapaka ndine."

Anandiyang'ana. Kenako anadzuka n'kukasuzumira pamng'alu wa chitseko chakunja. Panja pankadutsa nthambi, zidebe, lata lopindika likugubuduzika pansi. Kutuluka ndi ana nthawi imeneyo kunali kosatheka. Anabwerera, anakoka ana ake onse atatu, anawalowetsa pansi pa bedi la apongozi, iye n'kugona chammbali kutseka polowera ndi thupi lake. Apongozi anamva zonsezo. Anadzitsitsa okha pampando n'kukhala pansi motsamira khoma.

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinkapemphera, koma mawu sankalumikizana. Nthawi iliyonse denga likafufuma, pakati pa khoma ndi mitengo pankaoneka kuwala, ndipo kuwalako kunkakulirakulira.

Chinayamba kusweka ndi galasi la zenera lakummwera. Sindinaone chimene chinaliswa. Mphasa inang'ambikira m'kati, ndipo mphepo inadzaza nyumba moti makutu anatseka. Ndinamva khonde likung'ambika, nsanamira zikuzuka pamodzi ndi waya wanga uja. Kenako m'nyumba munayera. Ndinayang'ana kumwamba n'kuona mitambo yotuwa ikuthamanga pafupi kwambiri. Denga silinapite lata limodzilimodzi, linanyamuka lonse pamodzi. Pochoka linakankha nsonga ya khoma lakumadzulo, ndipo njerwa zinagwera kuchipinda kuja.

Ndinakwawa kulowamo. Bedi linali litathyoka mwendo umodzi koma linapirira. Ana anali amoyo, akulira. Mayi awo anali pansi pa njerwa kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ndinazichotsa ndi manja. Mkono wake wamanja unali utapindika pamalo pamene mkono supindika. Sanalire. Anangoti, "Ana kaye."

Tinadikira motsamira khoma lotsala mpaka mphepo inatsikako pang'ono, mvula n'kukula. Ndinabereka wamng'ono, awiri enawo anagwira chitenje changa, mayi awo akutsatira mowerama, dzanja lamanzere litagwira mkono wothyokawo. Njira ya kwathu, imene masiku onse ndi yongodutsa nyumba zingapo, tinaiyenda mogwa n'kudzuka. Mlamu wanga anatsegula chitseko pang'ono n'kuwakokera m'kati mmodzimmodzi. Ine ndinabwerera.

Apongozi ndinawapeza pomwe paja, mvula ikuwagwa, magalasi ali mbwee pansi. Kuno mtengwa sakhudza apongozi ake aamuna, ngakhale madzi akumwa amawaikira pansi. Ndinagwada chowafulatira n'kunena kuti, "Baba, kwerani." Anazengereza, kenako ndinamva manja awo pamapewa panga. Anali opepuka kuposa mtolo wa nkhuni.

Khwawa linadzaza tsiku lomwelo, ndipo msewu wa ku Chikwawa unaduka. Mkono uja tinaumanga ndi timitengo ndi nsalu. Mayiyo anagona m'nyumba mwanga masiku amenewo atayang'ana kukhoma, akulandira phala kwa mlamu wanga koma osati kwa ine. Panapita masiku anayi kuti afike kuchipatala, panjinga mpaka pamene madzi anadula msewu, kenako pabwato. Adokotala anachita zimene akanatha, koma mkonowo unapola mokhota, ndipo zala ziwiri sizigwira mpaka lero. Kanyumba kake ka zidina kanagwa mbali imodzi. Denga la apongozi linapezeka m'munda wa thonje wa munthu wina, lili lathunthu, mitengo ndi malata zili zolumikizana. M'mudzi monse, nyumba ya mizere imene inasasuka inali imeneyo yokha.

Bambo a ana anafika patapita masiku asanu, wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anapita kukaona nyumba ija, anabwerera, anakhala pakhonde pathu mpaka dzuwa kulowa osalowa m'nyumba momwe munali bambo awo.

Msonkhano unachitika patapita sabata ziwiri. Anthu anali atayamba kunena kuti malamulo athu ndi opanda ntchito, waya sathandiza, popeza nyumba ya mizere inauluka ngati zina zonse. Ena ankati chaka chamawa abwezera miyala padenga. Apampando anaimirira, anati nkhaniyi sakuimvetsa, ndipo anandiyang'ana, osati mondiimba mlandu, koma ngati akufuna ndiwathandize kufotokoza. Ndinaimirira. Ndinanena kuti nyumbayo inalibe waya, inalibe matabwa, ndipo ndinapaka ndikudziwa. Sindinatchule munthu wina.

Kenako bambo a ana anaimirira kumbuyo n'kunena kuti ndi iwo anandiuza kuti ndipake. Apongozi, amene tinabwera nawo panjinga, analankhula ali chokhala. Anati amene anakana waya ndi iwo, ndipo ngati pali woti anenedwe, anenedwe iwo. Mayi wamasiye uja anali adakali kuchipatala. Mchimwene wake ndiye analankhula m'malo mwake, ndipo mawu ake sindiwabwereza pano, koma munalibe bodza.

Chitini ndinapereka tsiku lomwelo. Komiti inasankha mlembi wina, ndipo inawonjezera lamulo lakuti munthu asayendere nyumba ya mbale wake kapena ya kubanja kumene anakwatiwa, ndi kuti opaka azikhala awiri, wina akwere pamakwerero agwire waya ndi dzanja lake. Apampando sanandilankhule miyezi ingapo. Tsiku lina tinakumana panjira ya kuchigayo, anaima n'kunena kuti, "Mayi, nane ndinalakwa kukusiyirani nokha," kenako anapitirira.

Nyumba ya apongozi sinafoleredwenso. Makoma ake alipobe, mbuzi zimabisalamo dzuwa. Iwo amakhala kwathu, m'chipinda chimene chinali cha ana. Akuluakulu anagamula kuti kanyumba ka mayi uja timangenso ndife, ndi kuti munda wake tizilima ndife, ndipo sitinatsutse. Iye poyamba sankandiyankha moni. Patapita chaka anayamba kuyankha. Pamjigo ndimamutwika ndowa chifukwa sangathe kudzitwika ndi mkono umodzi, ndipo amalola. Zakalezo sitinakambiranepo.

Dzinja lapitali mafoni analiranso. Komiti inamugawira mayi uja nyumba ya mmisiri, yomangidwa bwino kuposa zonse m'mudzi, koma iye sanapiteko. Kutatsala masiku awiri, dzuwa likuswa mtengo, ndinamuona panjira ya kusukulu, ana ali patsogolo, mtolo wa zofunda uli pamutu ataugwira ndi dzanja lamanzere. Ndinathamanga n'kumulandira mtolowo. Tinayenda mpaka pakhwawa, lomwe madzi ake anali akadalekeza m'akakolo. Kutsidya kunali mabanja ena awiri amene anayamba kutengera iye, nawonso ndi mitolo yawo.

"Bwererani, achemwali," anatero nditamutwika mtolo wake. "Ndadutsa kwanu, matabwa simunakhomere."

Ndinaima mpaka wamng'ono atawoloka, kenako ndinabwerera kukakhomera.